Kompyuta Yopanda Fani

Mnyamata wa pashopu kuseri kwa depoti,
Vitumbiko, wandolo khutu limodzi,
anandionetsa chimakina chowala ngati basi ya usiku yopita ku Karonga,
mafani atatu, nyali zofiira m'mimba mwake.
Akuti, bwana, ichi ndiye chimathamanga.
Ndinati, mwana wanga, kulibe kumene ndikupita.

Ndikufuna kompyuta ya ntchito imodzi basi.
Isamalembe makalata, isamandiuze zigoli,
isamandidule pakati pa nyimbo
kuti ikufuna kudzikonza kaye.
Intaneti muichotse. Ikhale yosadziwa za dziko.

Anafunsa za memori, ndinati yokwanira nyimbo,
osati yokwanira ofesi.
Anafunsa za disiki, ndinati yosazungulira,
chifukwa ya mu laputopu yanga yakale
imakukuta ngati khoswe kudenga,
ndipo fani yake, ikangotentha, imayamba fuuu
pamalo pomwe ine ndatchera khutu.

Tinamaliza pa kabokosi kakuda, kozizira,
kakang'ono kuposa buledi wa pa Katoto.
Ndinakaika pakhutu kali koyaka.
Zii.
Ndinalipira osanenerera.

Kenaka kabokosi kena, kosandutsa manambala kukhala mawu,
kamene kanachokera ku Dar pakati pa matumba a zitenje,
masabata asanu ndikukadikira.
Waya wamfupi, osati wa golide, wolimba chabe.
Ampulifaya ndi yomwe ija, ya mu Taifa,
yopsa pakona imodzi.
Chaja ya magetsi inkalowetsa udzudzu m'masipika, nziii,
ndiye zonse ndinazilumikiza ku batire ya sola.
A magetsi azizimitsa mmene afunira.

Mwana wanga Tafwachi anawerenga lisiti kawiri.
Adada, penshoni ya miyezi iwiri!
Foni si imaimba kale?
Imaimba, inde.
Koma nyimbo za pafoni anazifinya ngati malaya pochapa,
zimafika zouma, madzi onse atatsala kwina.
Sanandimvetse. Anapita kukatenthetsa tiyi.

Sindinamuuze za kaseti.
Kwaya ya amayi ya ku Zolozolo, chaka cha naintini nainte eyiti,
maikolofoni imodzi yopachikidwa pa mtanda wa denga.
Mphunzitsi wina wa pa yunivesite anaisamutsira pa disiki,
ndinamupempha: musachotse kanthu, ngakhale phokoso la tepi.
Nyimbo yachinayi, ndime yachiwiri isanayambe,
pali kampata kakang'ono,
ndipo m'kampatamo NyaMughogho amakoka mpweya.
Yekha, ena onse asanakoke.
Anali wofulumira pa zonse, ngakhale pochoka.

Mpweya umenewo fani inkaudya.
Zaka zisanu ndi chimodzi ndikuudziwa pamene uli
koma osaumva.

Ndaika masipika pa njerwa, phazi limodzi kuchoka kukhoma.
Pazenera ndapachika bulangete la ku chipatala
limene sitinabweze.
Mpando ndausuntha kasanu ndi kawiri,
ndalemba ndi choko pasimenti pomwe miyendo yake iyenera kuima.

Chimene Vitumbiko sagulitsa ndi denga.
Mvula ya kuno siigwa, imangonong'ona pamalata
kuyambira Lachiwiri mpaka itatopa.
Ndakhala mu jekete, chala pa batani,
kudikira kuti ipume,
kuti njinga yamoto yomaliza itsike ku Chiputula,
kuti galu wa a Sichinga amalize mlandu wake.

Itakwana thu koloko kunja kunati bata.
Ndinadina.

Benchi inalira. Khanda la munthu wina kumbuyo.
Wina anatsegula tsamba la buku la nyimbo,
zimene sindinazimvepo ndi kale lonse.
Ndime yoyamba inatha.
Ndinagwira mpweya wanga
kuti usaphimbe wake.

Tafwachi anali ataima pakhomo la chipinda, chitenje paphewa.
Sindikudziwa anafika nthawi yanji.
Anangoti, bwezeraninso pamenepo.