Akavalo a Eusebio

Eusebio Archuleta anabwera ndi bokosi Lolemba
ku galaja yanga kuno ku Alamosa,
nalitula pa tebulo, nakhala pa chigubu cha oyilo
kudikira kuti mpweya ubwerere m'chifuwa.
Kapaipi kopyapyala m'mphuno, kabotolo kobiriwira m'khwapa,
malipiro a zaka makumi awiri za mu mgodi.
Atapeza mawu anagogoda bokosilo ndi chala:
"Apa alemba akavalo zana ndi makumi asanu.
Ndikuwafuna onse."

Lole yake inabadwa ndi akavalo mazana atatu,
koma anawawerengera kutali, m'mbali mwa nyanja,
kumene mpweya ndi wonona.
Kuno kumtunda, ndinamuuza, mpweya ndi wosukuluka
ngati tiyi wa masamba adzulo.
Injini imakoka modzaza chifuwa, koma yakoka chiyani?
Pofika pa chikweza cha Wolf Creek
kavalo mmodzi mwa atatu aliwonse wagona kale m'njira.

Anaseka, kusekako kunasanduka chifuwa.
"Zimenezo usandiphunzitse, mwanawe."

Supachaja siswa akavalo m'khola.
Imangotsendera mpweya m'masilinda
monga umatsendera ubweya wa nkhosa m'thumba ndi bondo,
ndipo mpweya ukachuluka petulo amatsatira,
moto umakula, pisitoni imamenyedwa ndi nkhonya yeniyeni.
Koma nayo ili ndi mimba.
Lamba woizunguza amakoka pa injini yomweyo,
akavalo ena amasiya ngolo kukatunga mpweya wa anzawo.
Mpweya wopanikizidwa umatentha, wotentha umatupa,
ukatupa umabweza zina mwa zomwe unalonjeza.
Magiya amadula msonkho wawo. Matayala nawonso.

Masiku atatu ndili chiweramire,
zala zanga zakuda, chala chimodzi chong'ambika ndi bawuti.
Lachinayi tinaimanga loleyo ndi malamba pa migudumu yoyezera,
inabangula, malata a denga akunjenjemera,
makina natulutsa kapepala.
Kale: 190. Tsopano: 280.

Eusebio anawerenga ndi milomo, kenako ndi zala.
"Makumi asanu ndi anayi okha?
Ena makumi asanu ndi limodziwo wandibisira kuti?"
Ndinati, ali ku fakitale, pa injini yozizira bwino,
tsiku labwino, kumunsi kwa mapiri.
Anapinda kapepalako kanayi, nakaika mu chipewa.
Analipira osanena zikomo.

Loweruka anandiimbira hutala pa geti kusanache.
Kumbuyo ngolo, mu ngolomo akavalo aakazi awiri,
enieni, onunkha udzu ndi ndowe,
wina wofiira, wina wa banga pamphumi.
"Kwera. Ukaone wekha ukandinamiza."

Tinadutsa South Fork dzuwa likutuluka.
Pamene msewu umaima chilili,
pamene kale ankatsitsa giya mpaka yachiwiri
magalimoto ali mndandanda kumbuyo ngati a pamaliro,
lole inangoyamba kalikhweru kake kopyola m'makutu,
nikwera.
Muvi wa kutentha ndinauyang'ana ine. Unasuntha pang'ono, nuima.
Muvi wa petulo anauyang'ana iye, natukwana m'Chisipanishi.

Pamwamba anaimika pambali, pafupi ndi chipale chotsalira,
nazimitsa injini. Chitsulo chinali thetheee, kuzizira.
Ndinamva akavalo akupemerera m'ngolo,
nthunzi ikutuluka m'timazenera,
ndipo pambali panga wefuwefu wina,
wocheperapo, wa mluzu.
Anapotokola kabotolo kake, kanati tsiii.

Tinakhala chete mpaka milomo yake inasiya kuda.
Kenako analoza boneti ndi chibwano.
"Imeneyi," anatero, napuma,
"ya anthu sanapange?"

Ndinatsika kukaona lamba ngati wakhwefuka.
Sanakhwefuke, ndinkadziwa.
Ndinaima pamenepo, boneti ili yasa, kutentha kukundiwomba kumaso,
mpaka ndinamumva akutsegula ngolo
ndi kuitana wofiira uja ndi dzina lake.