Injini ya Malume Zuze

Ndinaimasula yonse, injini ya malume Zuze,
ija anabwera nayo pamutu kuchokera ku Mutarara
ine ndisanamere mano.
Masabata atatu pamkeka kuseri kwa nyumba ku Bangula:
mabawuti m'mbale yothyoka mkombero,
malingi atsopano ogula pangongole ku Limbe,
gasiketi yodula ndekha ndi lumo.
Ndinatsuka chiwalo chilichonse ndi parafini
mpaka chinanyezimira ngati mamba a mphende.

Lero padoko la Mtayamoyo ndakoka chingwe.
Chingwe chandikoka ine.

Ndakokanso, phazi pathabwa, mano kuluma mlomo,
phewa lati thwee, injini ili duu,
yauma gwa ngati dothi la makande mu Okutobala.
Mayi Nyakamera, matumba a mbatata pambali,
akudikira kuwoloka kupita ku Makhanga,
ati: mwana iwe, isanadwale inkayenda,
waichiza n'kuipha?
Wina wangalande wati yalodzedwa, waseka, wapalasa.

Ndiye afika a Alufazema, ndodo patsogolo,
aja ankakonza sitima ku Chiromo njanji ili moyo.
Sanakhudze chitsulo. Akhala pachitsa.
Ati: usaikoke ngati ng'ombe yokana goli.
Ifunse chiwalo chimodzichimodzi, ikuuza yokha.

Ndazula mapulagi onse awiri, kuti mpweya usapanikizike.
Ndazunguza gudumu lapamwamba ndi manja: lolimba chimodzimodzi.
Ndiye si mpweya.
Ndatsitsa mwendo wake wonse, mabawuti anayi,
poganiza kuti namasupuni kapena ulusi wa ukonde wamanga mkati.
Pulopela ndaikankha ndi chala chimodzi,
yavina yokha.
Mwendo ulibe mlandu.

Thukuta likudontha m'maso, ntchentche zandipeza.
Nthenda ili pachifuwa, atero mkuluyo,
pomwe unamanga iwe.
Mawu amenewo andiwawa kuposa phewa.

Ndamasula mabawuti a pachifuwa pang'ono pokha,
kachigawo ka mzungulo, osapitirira.
Gudumu lapuma, lati fuu, layenda.
Ndamanganso: lagwira.
Ndamasulanso: layenda.
A Alufazema angoyang'ana kutsidya, kuli akakowa.

Ndatsegula.
Pansi pa beringi yapakati pali kamsomali,
kochepa ngati njere ya mpunga,
koyenera kulowa m'kabowo kake.
Sikanalowe. Beringi yakhalira pamwamba pake mopendekeka,
ine n'kumangirira, n'kumangiriranso ndi mphamvu zonse.
Pachitsulo pali kachipsera kowala, siginecha yanga.

Usiku uja ndaukumbuka.
Foni kukamwa ndikuunikira, udzudzu m'makutu,
mutu uli ku Limbe kuwerenga ngongole,
manja akuthamangira kumaliza.
Malume akanakhala ndi moyo akanandilanda sipanala,
akanati kagone.

Ndaseteka chipseracho ndi sandipepala wonyowa,
ndazunguza beringi pang'onopang'ono
mpaka ndamva kuti tswi, kamsomali kalowa kwawo.
Mafuta padzanja, mafuta pamalingi.
Bawuti uyu, kenako wotsutsana naye,
ndiime, ndizunguze, ndimvere.
Wina, ndiime, ndizunguze.
Sindinayambe ndachedwapo chonchi pamoyo wanga.

Pamene ndimabweza mwendo,
mthunzi wa mgwalangwa unali utafika m'madzi.
Mayi Nyakamera anawoloka kale pangalande,
ndalama yanga ili m'thumba la wondiseka uja.
Palibe kanthu.

Ndakoka chingwe, chabwera chofewa ngati luzi lonyowa.
Kachiwiri yatsokomola.
Kachitatu utsi wabuluu wakwera pabango,
madzi atuluka kumbuyo ngati mkodzo wa mbuzi,
bwato lanjenjemera pansi pa mapazi anga,
liwu lomwe lija, lasasa pang'ono,
limene tinkalimva tili ana tisanaone bwato pokhota.

Ndatembenuka kuti ndithokoze.
A Alufazema ali kale panjira, ndodo patsogolo,
akukuwa osacheuka:
osaithamangitsa sabata ino, malingi sanadziwane ndi nyumba!
Ndipo uthire mafuta ambiri.