Mlatho wa Borys

Ku Łódź chisanu chimalawira.
Okutobala asanathe, mapaipi a m'nyumba zakale ayamba kutsokomola,
mauthenga n'kumabwera ngati nyerere zanunkhiza shuga:
mbaula yathu yazima,
madzi sakutentha,
bwerani lero, mwana ali ndi chifuwa.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndinkawatola ndi zala zangazi,
umodziumodzi,
dzina, msewu, nambala ya chitseko,
kuchotsa uku, kulemba mu kaundula wa makasitomala,
tiyi akuzirala pambali pa kompyuta.
Poweruka, kunja kuli bii,
m'maso mukuyendabe zilembo.

Kenako kunabwera Borys,
mnyamata wa ndolo kukhutu limodzi,
nati: Mayi Wiesława, ndikumangirani mlatho.
Uthenga ukafika uziwoloka wokha,
dzina lizikalowa m'khola lake,
mmisiri aziona ntchito pafoni,
kasitomala aziyankhidwa inu musanavule n'komwe jasi.
Anamanga masiku atatu,
nyenyeswa za buledi zili mbwee patebulo langa.

Ndisaname, mlathowo ndi wabwino.
Suiwala, sudwala mutu,
susokoneza a Grabarczyk a kumtunda ndi a Grabarczyk a kumsika
monga ndinachitira ine chaka china.
Ndinayamba kumwa tiyi wotentha.
Ndinaona kuti pawindo lathu pali mtengo.

Koma tamvani za Lolemba lija.

Kaundula anawerenga masiku ake, nakumbutsa:
Bambo Zenon, nthawi yotsuka mbaula yanu yakwana.
Yankho linabwera Loweruka usiku, mizere iwiri yokha:
Amuna anga anamwalira mu Meyi.
Mbaula ndi iwo ankaidziwa, ine sindidziwa poyatsira.
Mlatho unanyamula mawuwo bwinobwino,
unawatsegulira ntchito yatsopano,
unayankha msanga, mwaulemu wonse:
Zikomo, Bambo Zenon, pempho lanu talandira,
nambala yanu ndi 4417.
Kutacha unafunsanso:
Kodi mwakhutira? Tipatseni nyenyezi zingati?

Ndinawerenga ndili chilili, jasi ili m'thupi.
Bambo Zenon ndinkawadziwa mawu okha,
ankaimba foni chaka chilichonse kudandaula za mtengo,
pomaliza n'kundifunsa za bondo langa.

Ndinaimba.
Mayi Genowefa analankhula mphindi makumi anayi,
za mbaula pang'ono chabe.
Anati akugona atavala zipewa ziwiri.
Anati uthenga uja anauwerenga kanayi
chifukwa papita miyezi munthu asanatchule dzina la amuna awo
ngati kuti akadali m'chipinda chinacho.
Sindinadziwe ngati ndipepese.
Ndinapepesabe.

Borys anafiira makutu, ndolo ndi yomwe.
Anati: Ndiika chipata pakati pa mlatho,
ingondiuzani mawu oti akafika, aime.
Ndinayamba kuwerenga pa zala:
anamwalira, maliro, chipatala, ndatsala ndekha,
atidulira malipiro, sindikwanitsa.
Iye akulemba, ine ndikukumbuka nkhope
za anthu amene sindinawaonepo.
Anati: Mayi, mawu amenewa alibe polekezera.
Ndinati: Eya. Lembani omwe tapezawa.

Tsopano m'mawa uliwonse
mazana awoloka usiku ine ndili mtulo,
koma pachipata pamakhala atatu, anayi,
ataima ngati ana osokera pasiteshoni,
akudikira munthu.
Ambiri si kanthu:
wina walemba kuti mbaula yake yafa,
wina akukhala moyang'anana ndi chipatala.
Ndimawawerengabe mpaka kumapeto,
kenako ndimawatsegulira, apite.

Dzina la Bambo Zenon sindinalifufute.
Ndinalemba la mayi pamwamba pake,
ndipo m'kabokosi ka ndemanga,
komwe mlatho suwerenga,
ndinaika kuti: poyatsira ndi kumanzere, pansi,
mmisiri awaonetse kawiri,
asafulumire kuchoka.