Oluka a pa Khungwa

Kuno ku Saint Helena mphepo sipempha njira.
Ndinakwera ku Peak Dale nkhungu isanayalule mphasa,
galasi lokulitsa lili m'khosi, kope m'thumba,
kukawerenga adani a mitengo ya gamuwudi.

Bambo Crowie anati: usamawayang'anitsitse,
ingowerenga, nthambi khumi pa mtengo.
Ine ndinayang'anitsitsa.

Kanthu kosaposa njere ya mpunga yothyoka pakati,
koma kavala mphonje za phula loyera mbuu,
timizere pamsana, timano m'mbali,
kumbuyo kakukoka mchira wamakwinya
wodzaza mazira,
mkwatibwi wobisa ana m'velo.

Mayi anga a Ivylene ankaluka lesi ku Half Tree Hollow,
timitengo ta ulusi tikugogodana pa pilo mpaka usiku.
Kolala imodzi, milungu isanu.
Sitima ikakocheza ankatsika nayo kudoko,
mlendo n'kuitembenuza uku ndi uku,
n'kunenerera mtengo.
Maso awo anathera pa pilo pomwepo.

Awa palibe anawaphunzitsa.
Ulusi umangotuluka pakhungu
mlomo uli zii m'mtsempha wa mtengo,
akuyamwa, akuluka, akuyamwa.
Pansi pawo masamba ada bii ngati denga la khitchini,
nyerere zili piringupiringu kunyambita zotsekemera.
Mtengo uwu kwawo n'kuno kokha.
Ukafa pa phiri lino, maliro ake ndi a dziko lonse.

Lachinayi lina tinakwera ndi timabotolo.
M'katimo tizikumbu takuda tamadontho,
alendo ochokera kutsidya la nyanja,
amene chakudya chawo ndi oluka.
Chivindikiro ndinatsegula ndi dzanja langa.
Sindinanjenjemere. Ndikunena zoona.

Miyezi itapita kope linayamba kuonda:
mazana anayi, makumi asanu ndi limodzi, atatu.
Nsonga za nthambi zinaphuka tsitsi lobiriwira.
Bambo Crowie anagula mowa wa gulu lonse.

Ine ndinatola chovala chimodzi chopanda mwini,
n'kupita nacho kunyumba m'kabokosi ka machesi.
Ndinachiika pa chikhatho cha mayi.
Anachisisita ndi chala chija chodziwa mfundo,
kamodzi, kawiri,
chinanyenyeka, chinasanduka ufa.

Anakhala chete, akufikisa zala.
Kenaka anati:
Dzanja ali nalo, mwana ameneyu.
Koma ulusi anamugulitsa wofumbwa.