Usakonze Tebulo Sikisi

Amaro, gemu yako ndaisewera.
Ndaisewera m'chikepe chokwera phiri la Cordillera,
foni kudzanja ili, linali litagwira chitsulo,
doko la Valparaíso likutsika pang'onopang'ono pazenera,
mapazi akadawotcha ndi maola khumi a ntchito.
Taona misala yanga: kuweruka koperekera zakudya
n'kuyambanso kuperekera zakudya pagalasi.

Unati ndikuuze mosapsatira. Imva tsono.

Kamtsikana kako kamathamanga bwino
koma kamanyamula mbale imodzi yokha.
Imodzi! Ine ndimanyamula zinayi, yachisanu pamkono,
chitseko ndikukankha ndi chiuno.
Msuzi wa nsomba umadutsa khoma ngati mzukwa.
Batani la khofi layandikana kwambiri ndi la bilu,
moti katatu konse ndalipiritsa munthu asanamwe kanthu.
Nyimbo ija ichotse. Ndailota usiku.

Makasitomala ako akakwiya
pamutu pawo pamabwera kamzere kofiira.
Iwe umakhala kukhitchini, manja ali m'thovu,
sunawaone.
Wokwiya weniweni safiira.
Amapinda kansalu kopukutira pakamwa kanayi,
amathokoza ndi mano okha,
n'kusiya mapeso zana limodzi pansi pa kapu
kuti udziwe kuti sanaiwale, wachita dala.

Ndamva kuti ena akupatsa nyenyezi ziwiri.
Wa ku Temuco akuti nthawi imathamanga kwambiri,
wina akuti ndi ya ana a mkaka,
Maite wa pakauntala akuti bwanji mulibe mphaka.
Usawamvere onse.
Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Koma pali chimodzi.
Pa tebulo sikisi, la pazenera lija,
pamakhala kabambo ka chipewa chotuwa.
Ndikakapatsa khofi, kamamwa.
Ndikakapatsa bilu, kamalipira.
Kunyamuka ndiye ayi.
Ena onse amatuluka, magetsi amazima,
malikisi amawerengedwa,
iko kali phee, kuyang'ana nyanja imene sunajambule n'komwe.

Unandiuza Lachitatu, ukukwecha mapoto,
kuti penapake unaiwala mzere umodzi,
kuti Loweruka ukonza.

Iwe unabwera mu Malichi, sunawapeze a Eleodoro.
Zaka zisanu ndi zinayi, tebulo lomwelo,
khofi wopanda shuga, nyuzipepala ya dzana.
Ankayendetsa makina okweza katundu padoko
mpaka msana unakana.
Sankachulutsa mawu. Ankangoti, "Lero sitima zachepa."
Ndinkasesa mozungulira nsapato zawo.
Abwana ankang'ung'udza kuti mpando umenewo sulowetsa ndalama.
Tsiku lina la mvula mu Julaye panalibe munthu,
mawa lake chimodzimodzi,
ndipo palibe anabwera kudzatiuza kanthu.
Sindinkadziwa msewu wawo, kapena khomo limene ankalowa.
Amafunsa zimenezo ndani
kwa munthu wobwera tsiku ndi tsiku?

Ndiye dzulo, chikepe chitafika pamwamba,
sindinatsike msanga.
Ndinakatengera kamtsikana kako pa tebulo sikisi
n'kukaimika pomwepo, thireyi ili m'manja,
matebulo ena akufiira, akufiira,
wina akumenya supuni pambale,
mpaka gemu inandiuza kuti ndaluza.
Woyendetsa chikepe anachita kundigogodera.

Konza khoma. Talikitsa mabatani.
Kamtsikanako ukapatse mikono ya munthu wogwira ntchito,
ndipo ngati n'kotheka ukaikire mpando kuseri kwa firiji,
kazipumako pakati pa nkhomaliro ndi mgonero.
Mphaka wa Maite muike, salakwa kanthu.
Nyenyezi ndikupatsa zinayi;
yachisanu udzatenga ukabweza ambulera yanga.

Koma mzere unaiwalawo
usaufunefune.
Loweruka upite ukaonere mpira.