Kampata M'malire

Lachinayi usiku ku Valparaíso
nkhungu yakwera kuchokera kudoko
n'kumeza nyumba za pa Cerro Barón imodziimodzi.
Muofesi mwatsala Ximena Oyarzún yekha,
khofi wazizirira m'kapu,
pasikirini pali khoma loti lidzagwire phiri
kuti lisadzagumukire sukulu ili m'munsi.

Mizere yonse wajambula kale.
Chatsala n'kuuza diso la mmisiri
zimene zili mkati mwa mizereyo:
muno konkire, timadontho ndi timiyala ta nsonga zitatu,
muno chitsulo, timizere topendekeka tiwiritiwiri,
uku dothi la phirilo, lolukanalukana ngati dengu.
Pulani yopanda zimenezi ndi mafupa okhaokha,
sudziwa pamene pali mnofu ndi pamene pali mphepo.

Adina pakati pa khomalo.
Kompyuta ikana, akuti malire sanatsekeke.
Adinanso, ikananso,
mawu omwewo, osakweza, osatsitsa.
Kachitatu aikakamiza,
ndiye konkire uja kungoti khuthu!
kusefukira m'bwalo la sukulu, m'makwerero,
kulowa pazenera la kalasi,
mpaka pakona posainira injiniya Urrutia.
Tsamba lonse bii,
kompyuta ili wefuwefu ngati yakwera chitunda.

Abweza. Atsamira mpando.

Bambo ake, malemu Eleodoro,
anajambulira doko lomweli zaka makumi atatu
ndi lula, inki ndi msana wopindika.
Khoma ngati ili linkadya masana onse:
kamzere, kusendeza lula pang'ono, kamzere,
mpweya ataugwira pakhosi.
Inki ikadontha ankapala ndi lezala
mpaka pepala kutsala pang'ono kubooka.
Ximena ali ndi zaka zisanu ndi zitatu
ankawagwirira nsalu yopukutira cholembera,
iwo osadzutsa mutu n'kumati,
mzere suthera pamene dzanja latopera, mwana iwe,
umathera pamene wapeza unzake.

Tsono ayamba kusaka.
Azungulitsa kagudumu ndi chala,
khoma likula, likulirakulira,
ngodya imodzi idzaza sikirini yonse.
Yoyamba ili bwino. Yachiwiri ili bwino.
Pansi, pomwe phazi la khoma likumana ndi ngalande,
ndi pamenepo.
Mizere iwiri imene patali imaoneka yogwirana chanza,
pafupi yangoyandikana,
pakati pali kampata koti tsitsi silingalowe,
koma konkire wa phiri lonse anadutsira pomwepo.

Aiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene ntchito ikufunira.
Akumbuka Aníbal ku Antofagasta,
mlongo wake amene pa chithunzi cha pamaliro
waima naye phewa ndi phewa.
Chaka chachitatu chino osaimbirana,
nkhani yake tebulo lojambulira la bambo,
lomwe pano likudyedwa ndi chinyezi m'galaja
ndipo palibe amene walitenga.

Agwira nsonga ya mzere umodzi,
aikokera pa unzake. Kwatha.
Adina.
Timiyala tija tithamanga kudzaza khoma
n'kuima pamalire ngati tauzidwa.
Tathithikana kwambiri, atipatsa mpata wopumira,
atembenuza timizere ta chitsulo kuti tisafanane ndi njerwa.
Bowo la paipi alisiya loyera,
kachilumba pakati pa imvi zonsezo,
poti madzi a mvula ya mu Juni
nawonso amafuna podzera.

Mawa kapitawo Huenchullán adzatambasula pepalali
pa boneti ya galimoto, mphepo ikulimbana nalo,
adzaloza ndi chala cha simenti
n'kuitanitsa matumba.
Za kampata sadzazidziwa.

Ximena asunga fayilo, azimitsa nyale.
Pamakwerero otsikira kumsewu
atulutsa foni, apeza dzina lija,
wani koloko yapitirira,
kuwala kwa foni kuli pachibwano pake,
chala chili m'mwamba pang'ono,
sichinakhudze.