Mbidzi ya ku La Paz

Chisanu cha m'mawa chikuluma makutu.
Nayra wavala chikopa cha mbidzi,
chansalu, chazigamba pabondo,
waima pamizere yoyera.

Minibasi ya Eulogio yafika ikutsokomola utsi,
matayala aponda mzere woyamba.
Mbidzi yagwada, yagwira pamtima,
yalira mwabodza.
Eulogio, manyazi atamugwira,
wabweza galimoto pang'ono.

Mayi wa chipewa chozungulira,
khanda kumsana,
wati adumphe loboti isanasinthe.
Chiboda chansalu chamukoka dzanja:
dikirani amayi, chofiira sichinazime.

Chobiriwira chayaka. Anthu piringupiringu, awoloka.

Madzulo Nayra wavula mutu wa mbidzi,
tsitsi lili chonyowa, mawondo akuwawa.
Tsopano palibe dalaivala womuzindikira.
Wayang'ana uku, wayang'ana uko,
wayang'ananso,
kenako waponda.